Ndinalipirira Española, koma sindinapondeko

Ndinasankha ulendo wa masiku asanu pa sitima ya alendo 16 ku zilumba za Galápagos, ku Ecuador, chifukwa cha chilumba chimodzi chokha, Española, kumene mbalame za albatross zimaswana kuyambira mu Epulo mpaka mu Disembala. Pamwamba pa mtengo wa ulendowo panali madola a ku America 200 olowera m'paki yoteteza zachilengedwe ya zilumbazi ndi ena 20 a khadi lolowera ku zilumbazi limene ankagulitsa pabwalo la ndege mumzinda wa Guayaquil.

Usiku woti tinyamuke pachilumba cha San Cristóbal kupita ku Española injini inawonongeka, ndipo pa zimenezo sindiimba mlandu munthu, pakuti makina amafa. Amene anandipsetsa mtima ndi bwana woyang'anira alendo, yemwe kutacha anatipeza tili padoko lomwelo la Puerto Baquerizo Moreno n'kutiuza akumwetulira kuti pofika masana tikhala tili ku Punta Suárez, pachilumba cha Española. Masana anati madzulo, ndipo madzulo anati mawa. Iye ankadziwa kuti sizitheka, chifukwa akuluakulu a paki amaikira sitima iliyonse tsiku lake lofika pamalo aliwonse, pa ndondomeko ya masiku 15, moti tsikulo likadutsa simungangopitako mawa lake. Zimenezi tinazimva kwa wotiperekeza, amene ankaoneka kuti akuchita manyazi m'malo mwa bwana wake. Nditafunsa za kubwezeredwa gawo la ndalama, bwanayo anandilozera ndime ya m'pangano yonena kuti ndondomeko ikhoza kusintha, kenaka anatumiza botolo la vinyo kuchipinda kwanga ngati akutonthoza mwana.

Komabe ndingakhale wabodza nditanena kuti ulendo wonse unali woipa. Wotiperekezayo ankaidziwa ntchito yake, ndipo lamulo loti munthu atalikirane ndi nyama mamita awiri ankalisunga mosakondera, ngakhale kuti nyamazo n'zimene zinkatiyandikira. Kuchilumba cha Floreana ndinasambira ndi akamba a m'nyanja, ndipo kumapiri a pachilumba cha Santa Cruz ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi fulu wamkulu amene ankadya udzu osatilabadira. Chakudya chinali chabwino, chipinda chinali chopanikiza.

Kalata yodandaula ndinaitumiza kukampani ya sitimayo nditangotsika pachilumba cha Baltra, ndipo kufikira lero sanandiyankhe. Ulendowu ndikuupatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za wotiperekeza uja.