Crime of the Century ndi Crisis? What Crisis?: zimbale ziwiri za Supertramp

Okonda Supertramp, gulu loimba nyimbo za rock la ku Britain, akayamba kukambirana za zimbale za gululi, mayina amene amatuluka msanga ndi Crime of the Century cha 1974 ndi Breakfast in America cha 1979. Cha 1975, Crisis? What Crisis?, ambiri amangochilumpha, ndipo zimenezi zimandiwawa. Tiyeni tichiike pambali pa Crime of the Century, poti oimba ndi asanu omwewo: Rick Davies, Roger Hodgson, John Helliwell, Dougie Thomson ndi Bob Siebenberg. Ken Scott anathandiza kukonza zonse ziwiri, ndipo zonse zinatuluka pansi pa kampani ya A&M.

Crime of the Century ndi chimbale chomangidwa mwadongosolo. Chimayamba ndi harmonica yolira payokha mu "School", kenako phokoso la ana pabwalo la sukulu, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo zisanu ndi zitatu zimakokana mpaka kumapeto. Nkhani zake ndi zolemera: kusungulumwa, misala, munthu wosowa pogwira. Mu "Rudy" mumamva zilengezo za pa siteshoni ya sitima ya Paddington ku London. Chinafika pa nambala 4 ku Britain, ndipo chinayeneradi. Koma chimafuna mtima wanu wonse. Simungachimvere mukuchita zina, ndipo si tsiku lililonse munthu ali ndi mphamvu zosenza "Asylum".

Crisis? What Crisis? chinapangidwa mothamanga. Gulu linali litangotsika paulendo wautali wa zoimbaimba, kampani ikufuna chimbale china mbiri isanazilale, choncho anatenga nyimbo zambiri zimene anali atapeka kale, n'kukajambula zina ku Los Angeles, zina ku London. Chinangofika pa nambala 20 ku Britain, ndipo nyimbo ngati "Lady" sinamveke pa wailesi monga inachitira "Dreamer" ya mu Crime of the Century. Pa dongosolo ndiye chimagonja ndithu, nyimbo zake sizikokana ngati za chinzake.

Komatu kumasukako ndiko kumandikokera kwa icho. Tamverani mmene chimayambira: munthu akuyenda mumsewu akuimba likhweru, kenako "Easy Does It", kanyimbo kakafupi kofatsa, kamene kamakulowetsani mu "Sister Moonshine" ndi gitala ya zingwe 12 ya Hodgson ikuwala ngwee. Palibe paliponse mu Crime of the Century pamene gululi limamveka losangalala chonchi.

Ndipo ngati mumakonda Rick Davies, kuno ndi kwanu. Mu "Ain't Nobody But Me" amayamba mwaukali, mawu okhakhala, gitala ikulira molemera, kenako nyimbo n'kusungunuka kukhala yachikondi ya kalembedwe kakale. "Another Man's Woman" ndiyo yandigwira kwambiri pa zimbale zonse ziwiri. Mawu akatha, Davies amatsala ndi piyano, kubwereza kachidutswa kamodzi, kukakuza pang'onopang'ono, ng'oma za Siebenberg zikumuthamangitsa kumbuyo mpaka gulu lonse litalowa. Mathero a nyimbo ya "Crime of the Century" ndi aulemerero, koma mumamva kuti chilichonse chinayezedwa. Apa mumamva anthu akusewera limodzi, thukuta lili kamukamu. "Poor Boy" nayo imayamba ndi Davies akuyerekeza lipenga ndi pakamwa, Helliwell n'kudzalowa ndi clarinet yake mwaulemu.

Kumbali ya Hodgson, "A Soapbox Opera" ikhoza kukhala mu Crime of the Century osachita manyazi: piyano, zoimbira za zingwe, mawu ngati a kwaya ya kutchalitchi, ndi mafunso a munthu amene chikhulupiriro chikumuvuta. "The Meaning" ndiyo ndimaiona yofookerapo, imazungulira malo amodzi nthawi yaitali.

Chikuto chokha ndiye Crisis? What Crisis? chapambana: bambo wavala kabudula wosambira, wakhala pampando pansi pa ambulera yachikasu, chakumwa pambali, pomwe kumbuyo kwake kuli mafakitale otuwa akufuka utsi. Mu 1979 nyuzipepala ya The Sun inaika mawu omwewa akuti "Crisis? What Crisis?" pamutu wa nkhani yonena za nduna yaikulu James Callaghan, nthawi ya sitiraka zazikulu ku Britain.

Amene simunamvepo Supertramp kupatula "The Logical Song", yambani ndi Crime of the Century kuti mudziwe chimene gululi linkatha. Amene muli nacho kale, musathamangire kugula zimbale za nyimbo zosankhidwa, pezani Crisis? What Crisis? chathunthu. Eni akewo sanazitaye nyimbozi: pa chimbale cha Paris cha 1980, chojambulidwa pamaso pa anthu pamene Breakfast in America chinali pachimake, anaikapo "Ain't Nobody But Me", "A Soapbox Opera" ndi "Two of Us".