Mabakiteriya osungunula zinki mu mpunga, sizoni yatha, nazi zomwe ndaona

Mnzanga wandifunsa ngati agule zimabotolo zija za mabakiteriya a zinki, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi.

Vuto langa linali lodziwika kale, masabata awiri kapena atatu ukawokera mbande masamba akale amayamba timadontho tofiirira ngati dzimbiri, mpunga osakula mofanana, ana osatuluka. Ndi kusowa kwa zinki kumeneko, mchere wina wa mdothi womwe mpunga umafuna kuti ukule, ndipo chopweteka nchakuti nthawi zambiri zinkiyo ilimo mdothi, kungoti madzi akakhala nthawi yayitali, kapena dothi lili ndi laimu wambiri, kapena wathira fosifeti wochuluka, imamangika mizu osaipeza. Mabakiteriyawa, langali botolo lidalembedwa Bacillus, amatulutsa asidi pafupi ndi mizu nkuisungunula. Sawonjezera zinki ayi, amangomasula yomwe ilipo.

Kagwiritsidwe nkosavuta, umasungunula mu ndowa, kuviika mizu ya mbande kwa theka la ola pamthunzi, nkuwokera. Sapsereza mbande. Fungo ndi lopiririka.

Botolo loyamba lidandidabwitsa zoona. Ndidasiya dala chigawo china osaviika kuti ndifananitse, ndipo pomwe ndidaviika madontho aja adali apo ndi apo, phata lililonse ana ambiri, nditazula limodzi mizu yoyera yambirimbiri. Chosaviika chija chinkangooneka chodwala. Koma kumunsi kwa munda komwe madzi sachoka, kaya uviike kaya usaviike, chimodzimodzi, mpaka ndidathirako zinc sulphate, feteleza wowonjezera zinki, ndiye kudasintha.

Nkhani yavuta pa botolo lachiwiri. Ndidalipeza pa shelefu ya pawindo, dzuwa likuwomba bwinobwino, ine nkufunsa, wogulitsa akuti "palibe vuto bwana, ndi mankhwala awa". Si mankhwala, ndi tizilombo tamoyo, kutentha kumatipha! Nditatsegula kunyumba botolo lidali lotupa, fungo ngati chinthu chowola, tsiku lothera ntchito lofufutika theka. Ndidaviikabe chifukwa mbande zidali zitazulidwa kale, ndipo palibe chidachitika, madontho adabwera ngati kale. Nditabwerera ndi lisiti yanga mkuluyo adayamba zoti mwina mudasakaniza ndi mankhwala a bowa, mwina madzi anu, mwina simudatsate malangizo, ndalama osabweza, ngakhale kusinthitsa botolo adakana. Sizoni ya mpunga sungaibwereze mawa, ndiye ndalama ya botololo ndi yochepa poyerekeza ndi ngala zomwe ndidataya.

Tsiku limenelo mukadandifunsa ndikadati ndi zobera anthu. Pano mtima watsika, ndawerengera matumba a chigawo choyamba chija ndipo botolo lidabweza ndalama yake ndi kapindu pamwamba. Ndiye aise gula, koma laling'ono kaye, uyese pa chigawo chimodzi, uone tsiku lomwe lidapangidwa komanso pomwe akulisunga, ndipo zinc sulphate usamusiye. Ine ndigulanso, koma kwa mkulu ujayo ndalama yanga sadzaionanso.