Chovala chakumaso cha neti cha galu wosaka: m'udzu chimagwira ntchito, paminga ayi

Ndimagwira ntchito pa puloti ina ku Muldersdrift, kunja pang'ono kwa Joni, ndipo ina mwa ntchito zanga ndi kusamalira agalu awiri a bwana, onse a mtundu wa German Shorthaired Pointer. Si agalu opirikitsa kalulu ngati akwathu ku Dedza aja ayi. Awa amanunkhiza nkhanga ndi nkhwali, akazipeza amangoti chilili, mwendo umodzi m'mwamba, kudikira mwini mfuti. Nyengo yozizira ikafika, cha mu Juni ndi Julaye, Loweruka lambiri limatipeza tili pa msewu wa N1 kulowera kuchigawo cha Free State, kuminda ya chimanga ndi mpendadzuwa yomwe akolola kale.

Chimene chinatichititsa kugula chovalachi ndi zomwe zinamuchitikira Bella, wamkaziyo, chaka chatha. Tikubwerera kuchokera cha ku Heilbron anayamba kuyetsemula osalekeza, kenako timagazi m'mphuno. Lolemba lake avetenale anachita kumugoneka ndi mankhwala, n'kutulutsa kanjere ka udzu kosafika ngakhale kutalika kwa chikhadabo. Azungu akuno amautcha steekgras. Kanjereko kali ndi timinga toloza kumbuyo, ndiye kakalowa m'mphuno, m'khutu kapena kuseri kwa chikope, galu akamadzikanda kamangopitirira m'kati, sikabwerera. Bilu yake bwana anangopukusa mutu.

Chovalacho tinaitanitsa pa intaneti. Ndi kathumba ka neti yakuda yolimbirako, kamene kamaphimba mutu wonse kuyambira kumphuno mpaka kuseri kwa makutu, ndipo kali ndi timalamba tomangira ku kolala. Apa ndichenjeze anzanga amene mumasamala agalu a mabwana anu: yezani kaye ndi tepi kuchokera kunsonga ya mphuno mpaka kunkhongo. Ife tinangoyerekeza, tinalandira chaching'ono, ndipo masiku awiri okha chinali chitamusupula ubweya pamwamba pa mphuno. Ogulitsawo anatisinthira popanda makani, koma chinatenga masabata awiri kuti chifike.

Tsiku loyamba kumuveka kunali kuseka kokhakokha. Bella anauma ngati chitsa, kenako anayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, akukhuta nkhope pa kapinga. Ndinkamuveka mphindi 5 zokha m'mawa uliwonse, ndikamuvula n'kumupatsa kachidutswa ka nyama youma ija amati biltong. Sabata isanathe ankalowetsa yekha mutu akangoona ndachinyamula.

Nkhawa yanga yaikulu inali fungo. Galu ngati ameneyu chuma chake ndi mphuno, ndiye kumuphimba ndinkaona ngati kumumanga msodzi manja. Ndinalakwitsa. Ulendo woyamba atavala anaima pa nkhwali ziwiri m'mphepete mwa munda monga amachitira kale. Amapumanso bwinobwino lilime lili panja, zomwe ndi zofunika chifukwa galu amadziziziritsa ndi wefuwefu yemweyo, ndipo madzi amamwa osamuvula. Nyengo yonse yatha sitinapite kwa avetenale ndi nkhani ya udzu. Timabala tija ankakhala nato pazikope ndi pamilomo chifukwa chokhulana ndi mapesi ndi udzu wouma sindinationenso. Madzulo ndikamachivula chimakhala chadzaza njere ndi chisoso kunja kwake, ndipo ndikaganiza kuti zonsezo zikanakhala m'makutu mwake, mtengo wake sindiudandaula. Ndimachitsuka ndi mswachi wakale ndi madzi ofunda, m'mawa chauma.

Koma chili ndi polekezera. Mu Ogasiti tinapita kufamu ina cha ku Brits, kutchire la minga. Kumeneko kuli mtengo uja kwathu timati kankhande, akuno amati wag-'n-bietjie, kutanthauza kuti dikira pang'ono, ndipo dzinalo silinama: minga yake imamera iwiriiwiri, wina wowongoka wina wokhota ngati mbedza. Bella analowa pansi pake kutsatira nkhanga, neti inakodwa, iye n'kukoka ndi mphamvu. Ndinamupeza atapotokola khosi akulira, chovala chitang'ambika chibowo cholowa chala chachikulu, ndipo munga unali utamukala pansi pa diso. Akanakhala wosavala mwina akanangodutsa ndi kabala kamodzi. Ndinasoka ndi ulusi wa nsapato, chikugwirabe, koma kutchire ngati limenelo sindimuvekanso.

Kutola mbalame nakonso kumavuta. Nkhwali amayesetsa kuiluma ndi neti yomwe, koma nkhanga ndi yolemera, imamupulumuka, ndiye ntchito yotola timasiyira wamphongoyo, amene mpaka lero amakana kuvala. Ndipo wina asaganize kuti neti ingatchinge malovu a njoka zolavula zija monga rinkhals, yomwe ndi yambiri kuno ku Gauteng kukayamba kufunda. Za maso paokha pali magalasi a agalu. Tinayesapo, koma m'mawa wachisanu ankachita nthunzi m'kati, ndipo mphuno ndi makutu zimakhala pamtetete.

Ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha minga komanso chifukwa papepala lake sanalembepo chenjezo lililonse la zimenezi. Ngati agalu anu amasaka m'udzu wautali ndi m'minda, gulani, makamaka a makutu ogwa ngati athuwa. Kungoti zala zakumapazi ndi m'khwapa sichifikako. Kumeneko ndimafufuzabe ndi manja galu asanakwere galimoto, ndipo Loweruka lapitali ndinazula njere zitatu pakati pa zala za Bella.