Masamba a catappa m'madzi a ma betta: zomwe ndaona patapita miyezi

Ndinayamba kuika masamba ouma a mtengo wa Terminalia catappa m'matanki a ma betta anga, tinsomba tokongola toweta m'nyumba, mvula isanathe. Pano chisanu cha Juni ndi Julaye chadutsa, nsomba zaswa, tiana tina takula, ndiye ndili ndi pokambira. Masambawa sindiwasiya, makamaka m'thanki yoswetsera, koma zambiri zomwe anthu amawatamira nazo n'zongokokomeza.

Betta splendens kwawo ndi ku Thailand ndi mayiko oyandikana nako, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya m'zigwa za Chao Phraya ndi Mekong. Madzi ake ndi ofunda, osathamanga, ogwera zinyalala za mitengo. Oweta nsombazi kumeneko anayamba kalekale kuponya masamba a catappa m'mitsuko, makamaka nsomba ikavulala pa ndewu. Mtengowo suvuta kuuzindikira: nthambi zake zimatambasuka mosanjikizana, ndipo masamba ake akuluakulu amafiira asanathothoke. Ine ndimatola othothoka okha, pansi pa mtengo umene ndikudziwa kuti supoperedwa mankhwala. Ndikawatsuka ndimawayanika mpaka agome, kenako n'kuwasunga m'katoni pouma. Aawisi othyola mumtengo musayese.

Tsamba limodzi lalikulu limandikwanira malita 40. Limayandama kaye, n'kumira, madzi n'kusanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Zomwe zimatulutsa mtunduwo ndi ma tannin. Pakatha milungu itatu kapena inayi limatsala mitsempha yokha, ndipo ndimaika lina. Ena amawiritsa masambawo n'kumathira msuzi wake pang'onopang'ono. Njirayi ndi yaukhondo ndithu, koma imataya phindu lenileni, lomwe ndi tsambalo.

Phindulo limaonekera pa kuswa. Yaimuna imamanga chisa cha thovu pamwamba pa madzi, ndipo ikapeza tsamba loyandama imamangira pansi pake. Chisa chotero chimagwirana, sichiphwanyika ndi kamphepo kolowa pa chivundikiro. Yaikazi nayo imapeza pobisala, chifukwa yaimuna ikamafunsira imaluma mopanda chisoni. Akakumbatirana, mazira akagwa, yaimuna imawatola ndi pakamwa n'kuwabwezera m'thovu, ndipo apo yaikazi iyenera kuchotsedwa msanga. Mazira amaswa pakatha tsiku limodzi kapena tsiku ndi theka. M'madzi a masamba ndaona mazira ochepa akuchita chuku choyera kusiyana ndi m'madzi oyera mbee. Ndikunena zomwe maso anga aona, osati zoyezedwa ku labotale.

Chinandikopa kwambiri ndi masiku oyamba a tiana. Tikangoyamba kusambira tokha, patatha masiku awiri kapena atatu, bambo amachotsedwa, ndipo vuto limakhala chakudya. Pakamwa pake ndi pang'ono zedi moti ngakhale tinkhanu tongoswa kumene ta brine shrimp timatikulira. Tsamba lomwe layamba kuola limakhala ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, ma infusoria, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona tiana tikujompha m'mbali mwake. Sichakudya chokwanira, ndimawonjezabe kachikasu ka dzira lowiritsa kosungunula m'madzi, kadontho chabe. Koma tiana tosowa chakudya usiku wonse ndi tiana tokhala ndi pojompha sitikula mofanana.

Tsopano zokokomeza. Amati masambawa amatsitsa pH, muyezo uja womwe umatsika asidi akachuluka m'madzi. Amatsitsadi, koma m'madzi ofewa, monga a mvula. Madzi anga ndi a pamjigo, olimba, amchere wa miyala, ndipo mcherewo umameza asidi wochepa wa masambawo. Ndayeza kangapo, madzi ali bii, pH ili pomwepo. Ma betta a m'masitolo sadandaula nazo, aweteredwa m'madzi osiyanasiyana kwa mibadwo yambiri. Amene akufunadi madzi ofewa asakanize ndi a mvula, ndipo asamale, pakuti mmenemo pH imagwa mwadzidzidzi. A pampopi nawo klorini yake sichoka ndi tsamba.

Amatinso ndi mankhwala. Chipsepse chong'ambika pa kuswa chimapola bwino, zoona, ngakhale madzi aukhondo paokha amapoletsanso. Koma nsomba ikagwidwa ndi timadontho toyera pathupi, matenda a ich, kapena zipsepse zikamaola mpaka kufika pathupi, tsamba silithandiza. Pamenepo pafunika mankhwala enieni ndi madzi ofunda. Kufunda kumeneku n'kumene ambiri timakupeputsa: betta imafuna madigiri 24 mpaka 28, ndipo mu Julaye magetsi akazima usiku, chimene chimapulumutsa nsomba ndi bulangete lokutira thanki.

Chovuta china sindinachimvepo kwa aliyense. Madzi ofiirira amabisa uve. Ndowe ndi zotsala za chakudya sizioneka pansi pa zinyenyeswa za masamba, ndiye ulesi umabwera mosavuta, chonsecho amoniya, poizoni wochokera ku uvewo, akukwera. Ndimasinthabe gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi mlungu uliwonse, ndi kapaipi kokoka zapansi. Ngati m'fyuluta muli makala aja a activated carbon, achotseni, apo ayi mtundu wonse amaumwa. Komanso alendo amafunsa chifukwa chake simutsuka thanki, ndipo betta yabuluu imaoneka yozilala kusiyana ndi yofiira.

Masamba ouma a nthochi, omwe a ku Thailand amagwiritsanso ntchito, ndawayesa. Amapereka mtundu wochepa ndipo amaola msanga, koma pomangira chisa amakwana. Amene muli ndi thanki ya mbuna pambali, masambawa asakafike kumeneko. Madzi a nyanja ya Malawi pH yake imaposa 7.5, ndipo mbuna zimawafuna choncho.