Udokotala, kafukufuku, uinjiniya kapena zakompyuta: khomo liti limatsekeka msanga?

Mwana akamakhoza bwino Biology ndi Chemistry, achibale ndi aphunzitsi sachedwa kumulemba ntchito: "Ameneyu ndi dokotala basi." Yemwe masamu amamuyendera amauzidwa kuti ndi injiniya. Amanena mwachikondi, koma maso awo amakhala pa magiredi okha. Magiredi amasonyeza kuti mungathe kulowa kosi, sanena ngati mudzapirire ntchito imene mudzadzukire m'mawa uliwonse kwa zaka 30 kapena 40. Ndiye anzanga, tiyeni tiike njira zinayizi pamodzi ndi kuzifunsa mafunso awiri. Tsiku wamba la ntchitoyo limakhala lotani? Nanga mukazindikira kuti mwasochera, kubwerera n'kotheka bwanji?

Tiyambe ndi udokotala, popeza ndi umene ambiri amakankhidwirako. M'mayiko ambiri kosi yake imatenga zaka 5 kapena 6, kenako chaka chimodzi kapena ziwiri mukugwira ntchito moyang'aniridwa musanapatsidwe chilolezo chonse. Ku United States njirayo ndi yotalikirapo: digiri ina ya zaka 4 poyamba, zaka 4 za udokotala, kenako zaka 3 mpaka 7 zophunzira ukatswiri m'chipatala. Ubwino wake ndi woonekeratu. Odwala satha, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza mu 2022 kuti pofika 2030 dziko lapansi lidzapereweredwa ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 10 miliyoni, makamaka m'mayiko osauka. Chiwerengerochi chikuphatikiza anamwino, azamba ndi ena, osati madokotala okha, koma uthenga wake ndi womveka: ntchito ilipo.

Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti sayansi imakulowetsa m'kalasi, koma m'wodi umakumana ndi anthu. Tsiku la dokotala limadzaza ndi kumvetsera munthu amene akulephera kufotokoza pamene pakumupweteka, kulemba mafayilo, kuchezera usiku wonse, kugwira mabala, ndi kuima pamaso pa mayi kumuuza kuti mwana wake watisiya. Kenako n'kupita pa bedi lotsatira ngati palibe chachitika, chifukwa kumeneko kulinso wina akudikira. Alipo anthu amene mtima wawo unapangidwira zimenezi, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Koma amene amakonda kumvetsa mmene maselo amagwirira ntchito, pomwe kucheza ndi wodwala kumamutopetsa, adzavutika ngakhale atakhala woyamba m'kalasi.

Munthu wotereyu mwina malo ake ndi kafukufuku. Apa ndi pamene ndimaona kuti ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Dokotala amapereka mankhwala a malungo lero, pakapita masiku atatu wodwala akuseka. Wofufuza amene anapeza mankhwalawo anadikira zaka. Tu Youyou wa ku China anapatsidwa ntchito yosaka mankhwala a malungo mu 1969. Gulu lake linayesa zitsamba zambirimbiri osaphula kanthu, kufikira mu 1971 pamene linasiya kuwiritsa chomera cha Artemisia annua n'kuyamba kutulutsa mphamvu yake popanda kutentha kwambiri. Ndiko kunachokera artemisinin, amene lero ali m'mankhwala a malungo ogwiritsidwa ntchito padziko lonse. Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Mayiyu analibe digiri ya udokotala, anaphunzira za mankhwala (Pharmacy). Katemera wa malungo wa RTS,S anapangidwa koyamba mu 1987, koma WHO inalimbikitsa kuti azibayidwa kwa ana ambiri mu 2021. Zaka 34 zinadutsa pakatipo.

Choncho tsiku wamba la wofufuza ndi kuyesa chinthu, chikakanika kusintha pang'ono n'kuyesanso, kuwerenga zolemba za anzake, ndi kulemba makalata opempha ndalama zoyendetsera ntchito. Njira yake ndi digiri yoyamba ya zaka 3 kapena 4, masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako PhD ya zaka 3 mpaka 6. Ukawerengera, kutalika kwake sikusiyana ndi udokotala, koma mapeto ake alibe chitsimikizo chofanana. Ofufuza ambiri achinyamata amayenda ndi makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, ndalama za polojekiti zikatha n'kuyamba kusaka kwina. Sindinganamize aliyense kuti ndi njira yofewa. Koma kwa munthu amene funso limamusowetsa tulo mpaka atapeza yankho, palibe ntchito ina imene ingamukhutiritse motere.

Uinjiniya sindikhalitsapo. Kosi yake ndi zaka 4 kapena 5, masamu ake ndi olemera kuyambira chaka choyamba, ndipo m'mayiko ambiri umafunika kugwira zaka zingapo pansi pa injiniya wovomerezeka usanalembetsedwe. Ukasayina pulani ya mlatho kapena ya magetsi a nyumba, moyo wa anthu umatsamira pa siginecha yako. Chosangalatsa n'chakuti chimene wapanga umachiona ndi maso, n'kuchikhudza. Chodandaulitsa n'chakuti ntchito zake zimatsata chuma: ntchito zomanga zikachepa, mainjiniya atsopano ndi amene amayamba kumva kuwawa.

Zakompyuta ndi zosiyana ndi zonsezi pa chinthu chimodzi: palibe bungwe limene limakupatsa chilolezo cholemba mapulogalamu. Olemba ntchito ambiri amafuna kuona zimene unapangapo. Izi zimatsegula khomo kwa aliyense, komanso zimachulukitsa opikisana nawo, ndipo ena mwa iwo ali kutsidya kwa nyanja akupikisana nawe kudzera pa intaneti. Zida zake zimasintha msanga moti kuphunzira sikutha. Kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, inatuluka mu Novembala 2022, makina ayamba kulemba timapulogalamu tosavuta timene kale tinkapatsidwa kwa ongoyamba kumene. Ine ndikuona kuti zimenezi zikufinya amene anangoloweza chinenero chimodzi cha kompyuta, pamene wodziwa masamu ndi kuganiza mwadongosolo akadali wofunika. Tsiku lake ndi kukhala pampando maola ambiri kusaka kachilema kamodzi kamene kakulepheretsa pulogalamu yonse. Ena zimawakomera ngati masewera, ena mutu umawawawa pofika masana.

Tsopano funso lachiwiri lija, limene kwa ine ndi lalikulu koposa. Makomo awa satseguka mofanana mbali zonse. Tim Berners-Lee anaphunzira Physics ku yunivesite ya Oxford, koma mu 1989 ali ku CERN, malo a kafukufuku wa Physics ku Ulaya, ndi amene analemba ganizo limene linabala World Wide Web, njira imene timaonera masamba a pa intaneti. Kuchoka ku Physics, masamu kapena uinjiniya kupita ku zakompyuta, ku ntchito zosanthula ziwerengero kapena ku mabanki n'kofala. Dokotala naye angathe kulowa kafukufuku kapena zaumoyo wa anthu onse. Koma wolemba mapulogalamu akafuna udokotala ali ndi zaka 30, kawirikawiri amayambira pansi, zaka zambiri popanda malipiro. Udokotala ndi khomo lopapatiza polowa, ndipo ukalowa umakhala wawononga zaka zochuluka moti kutuluka kumapweteka.

N'chifukwa chake maganizo anga ali chonchi. Ngati munakhalapo pafupi ndi wodwala kwa masiku angapo, kumusambitsa, kumudyetsa, kumva fungo la m'wodi, n'kutulukamo mukufunabe kubwerera, lowani udokotala msanga osazengereza. Ngati simunatsimikize ndipo masamu amakumverani, uinjiniya, Physics kapena masamu enieniwo amakusiyirani makomo ambiri otseguka. Ngati cholinga chanu ndi kafukufuku, yambani kugogoda pa labotale ya aphunzitsi anu muli chaka chachiwiri, ngakhale ntchito yake ikhale yotsuka mabotolo, kuti muone nokha mmene sabata yathunthu imathera popanda chotsatira.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja amene mapointi a udokotala anamuperewera, n'kulembetsa digiri ya Biology ali ndi chiyembekezo chodzadumphira ku udokotala pambuyo pake. Kumayunivesite ena zimatheka, koma malo ake amakhala ochepa, ndipo amene wakanika amatsala ndi digiri imene sanaifune. Asanasayine fomu, afunse kuofesi yolembetsa ophunzira ngati njira yosinthirayo ilipodi komanso ndi angati anadutsamo chaka chatha. Aonenso makosi a zamankhwala, zoyeza magazi ndi zina mu labotale, unamwino, ndi zojambula m'thupi monga X-ray. Onsewa amagwira ndi odwala kapena matenda tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri amatha msanga kuposa udokotala.