Slow cooker ya malita 6.5: nkhumba imafewa mpaka kuyoyoka, koma utsi mulibemo

Ndaupatsa nyenyezi 4 pa 5 mphika umenewu. Ndi slow cooker, mphika wa magetsi wophika pang'onopang'ono, ya malita 6.5, mkati muli mphika wolemera wa ceramic omwe umachotseka potsuka, chivundikiro chagalasi, ndi chopotokola chimodzi chokha cha low, high ndi warm, basi palibenso zina. Ndinaugula kuno ku Leeds, ku England, ndi cholinga chimodzi, pulled pork, nyama ya nkhumba ija amaiphika mpaka kumangonyotsoka ndi foloko, chifukwa ana kunyumba kuno amaikonda koopsa ndipo yogula yophikaphika ndi yodula komanso shuga amachulutsa.

Chakudyachi kwawo ndi kummwera kwa America, madera ngati North Carolina, ndipo eni akewo saphika mu mphika ayi, amawamba nkhumba pa moto wa nkhuni wapansipansi tsiku lonse kuti utsi ulowe mu nyama. Kummawa kwa North Carolina sosi yawo ndi viniga ndi tsabola, ku South Carolina amakonda ya mustard, ku Kansas City ndi yolemera ya tomato yotsekemera. Slow cooker yo nayonso inatchuka kuchokera konko, kampani ya Rival itatulutsa Crock-Pot mu 1971. Ndiye mudziwiretu kuti zomwe tikupanga mu mphikamu ndi njira yachidule ya anthu otanganidwa, ndipo kwa ine amene ndimagwira mashifiti ataliatali njira imeneyi yandithandiza kwambiri.

Nyama yake ndi phewa, kuno amalemba pork shoulder, ku America amati Boston butt. Musagule loin, nyama ya kumsana ija, kapena mwendo wakumbuyo poganiza kuti ndi nyama yabwino yopanda mafuta, imeneyo imauma nkumakhala ngati ulusi mkamwa. Phewa lili ndi mafuta ndi timitsempha tambiri, ndiye likaphikidwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri timitsemphato timasungunuka nkukhala msuzi wonanda, ndi umenewo umapangitsa nyama kufewa chonchija. Ubwino wake phewa ndi nyama yotchipa kuposa mbali zina. Chidutswa cha makilo 2 chimalowa bwinobwino mumphikawu ndipo malo amatsala, koma dziwani kuti ikapsa imachepa kwambiri, mafuta ndi madzi zikachoka mumatsala ndi pang'ono kuposa theka.

Ine ndimachotsa chikopa, ndikupaka mchere, shuga wabulawuni pang'ono, paprika, adyo wosinja ndi tsabola wakuda, ndikakhala ndi nthawi ndimayamba ndaikazinga mbali zonse pa pani kuti ipsereleko, pansi pa mphika ndimayala anyezi awiri oduladula, nyama pamwamba, kenako theka la kapu ya viniga wa maapozi wosakaniza ndi madzi. Theka la kapu basi abale anga. Mphikawu sutaya nthunzi, ndipo nyama ndi anyezi zimatulutsa madzi awoawo ambiri, mukathira madzi ngati mukuphika nyama pa mbaula mupeza nkhumba ikusambira ndipo kukoma konse kwathawira mu msuzi. Pa low imafuna maola 8 mpaka 10, pa high 5 mpaka 6, koma ya pa low ndi imene imatuluka bwino, ya pa high mmphepete imauma pomwe pakati pasanafike. Amene muli ndi thermometer ya nyama, pakati pafike madigiri 90 mpaka 95, apo ndiye imanyotsoka yokha. Mukaona ikukana foloko sikuti yapsa mopitirira, ndiye kuti sinafike, vundikirani muipatse ola lina. Ndipo osamangovundukula kusuzumira, kutentha kukathawa mphikawu umachedwa kubwereranso.

Ikapsa ndimaivuula, kuisiya ipume pang'ono, nkuinyotsola ndi mafoloko awiri. Msuzi wotsala ndimauyengula mafuta, nkuuwiritsa mu poto pa kuka mpaka ulimbe, ndithiramo tomato sosi ndi Nali pang'ono, nkubwezera pa nyama. Ana amadyera mabanzi ndi coleslaw, saladi ya kabichi ija, monga amachitira eni ake, ine ndimadyera nsima ndi kabichi wokazinga ndipo zimagwirizana bwino kwambiri, kungoti wa nsima musachulutse shuga. Yotsala imakhala mu filiji masiku 3 osavuta, mu fiza imakhalitsa.

Za magetsi ndi zomwe zandisangalatsa kwambiri. Miphika yotereyi imakoka mawatsi 200 mpaka 300, ndiye maola 8 ndi mayunitsi pafupifupi 2, pomwe oveni imakoka mawatsi oposa 2000 ikamatenthetsa. Ndi mmene mabilu amapwetekera kunoku kusiyanako kumaoneka.

Tsopano nyenyezi imodzi ija yapita pati. Choyamba ulibe taima. Suzisintha wokha kupita pa warm, ndiye ukauika pa low mmawa nkukachedwa kuntchito umangophikabe mpaka ubwere, nkhumba ya phewa imapirira koma nkhuku imafika pophwetekeratu. Pa mtengo womwe ndinalipira ndikuona kuti akanatha kuikamo taima. Chingwe chake ndi chachifupi kwambiri, kunja kwake kumatentha moti mwana atagwira apsa, ndiye ndimauika kutali kukhoma. Mphika wamkatiwo ndi wolemera potsuka, sungauike pa moto wa kuka, komanso musauthire madzi ozizira ukadali wotentha chifukwa umang'aluka, ndipo kupeza wina wolowa mmalo si kwapafupi.

Koma chachikulu, chomwe si vuto la mphika uno wokha, ndi chakuti nyama yake ilibe fungo la utsi ndipo ilibe kukhuthala kokukutika kwa kunja kuja. Amene munazolowera kapado wa pa chiwaya wopserera mmbali, ndi kambuzi ndi mchere pambali, musagule poganiza kuti mupeza zimenezo, iyi ndi nyama yofewa yonyowa. Chomwe chimathandizako ndi smoked paprika mmalo mwa wamba, komanso mukainyotsola iyaleni pa thireyi muiike pansi pa grill mphindi 10 kuti nsonga zipserere. Zimasintha kwambiri, ngakhale sizifika pa ya nkhuni.

Zinthu ziwiri ndikupemphani musazitenge mopepuka. Nyama yochokera mu fiza isungunuke kaye yonse mu filiji musanaiike, chifukwa mphikawu umatentha mochedwa ndipo nyama yowuma imakhala nthawi yaitali ili yofunda chabe, mpamene tizilombo timachulukana. Chachiwiri ndi nyemba, makamaka zofiira zija. Tonse tikaona mphika wophika wokha maganizo amathamangira ku nyemba, koma zouma muziviike kaye ndikuziwiritsa kwambiri pa moto mphindi zosachepera 10 musanaziike umu, apo ayi zimatsegula mmimba ndi kusanzitsa chifukwa kutentha kwa low sikupha poizoni amene ali mu nyemba zosapsa.

Achemwali anga ku Area 25 anandifunsa ngati ndingawatumizire wina. Pulagi yake ndi ya mapini atatu yomweyo ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana, ndiye ugwira ntchito popanda chosinthira. Nkhani ndi yakuti ukufuna magetsi osadukiza maola 8, ndiye ndinawauza kuti aziphika nthawi yomwe akudziwa kuti kwawoko sathimathima, ndipo akathima nyama isanapse asadikire, aisamutsire mu poto wina amalizire pa makala. Kwa banja la anthu awiri kapena atatu wa malita 3.5 ndi wokwanira, uyu wa 6.5 amafuna kudzazidwa mpaka theka kuti aphike bwino, ndipo ngati mungapeze wokhala ndi taima onjezerani ndalama mutenge umenewo.