Chipulula kapena khomo lakuseri: njira ziwiri zofikira chikho cha Sam Maguire

Anthu otsatira mpira wa Gaelic (mpira wachikhalidwe woseweredwa ndi manja ndi miyendo yomwe) ku Ireland akhala akukangana kwa zaka zoposa 20 pa funso limodzi: kodi timu yoimira boma (county) ikagonja kamodzi ituluke mumpikisano, kapena ipatsidwenso mwayi wachiwiri? Njira zonse ziwiri zinayesedwa kale, choncho tingaziyerekeze poona zimene zinachitikadi m'bwalo.

Mpikisano wa dziko lonse, umene wopambana wake amalandira chikho cha Sam Maguire, unayamba mu 1887, ndipo mpaka mu 2000 unkayenda mwa chipulula. Kwa zaka zambiri timu iliyonse inkayamba ndi kulimbirana ukatswiri wa chigawo chake, kaya Ulster, Munster, Leinster kapena Connacht, ndipo akatswiri anayi a zigawozi ndiwo ankakumana m'ndime ya matimu anayi. Ubwino wake unali woti masewero aliwonse anali a wafa wafa. Clare itagonjetsa Kerry m'ndime yotsiriza ya Munster mu 1992, Kerry inapita kwawo kukadikira chaka china. Koma vuto linali lalikulu: osewera a mpirawu salandira malipiro, ndipo munthu wogwira ntchito masana n'kumakonzekera usiku dzinja lonse ankatha kuona chaka chake chikutha m'mphindi 70 zokha. Zigawonso si zofanana, chifukwa Ulster ili ndi maboma 9 pamene Munster ili ndi 6, ndipo Kerry nthawi zina inkatuluka m'chigawo chake itapambana kawiri basi.

Mu 2001 bungwe la GAA, loyendetsa mpirawu, linatsegula njira imene anthu anaitcha back door, kutanthauza khomo lakuseri, kuti matimu ogonja m'zigawo azisewera okhaokha mpaka anayi a iwo akakumane ndi akatswiri a zigawo. Chaka chomwecho chinaonetsa amene adzapindule nayo. Galway inagonja kwa Roscommon ku Connacht, inadzera kuseri, n'kukumananso ndi Roscommon yomweyo m'ndime ya matimu asanu ndi atatu n'kuichotsa, kenako m'ndime yotsiriza inakwapula Meath ndi mapointi 17 kwa 8 pa bwalo la Croke Park, ndipo 10 mwa mapointiwo anali a Pádraic Joyce. Roscommon, imene inachita zonse zimene malamulo akale ankafuna, inatsala ndi chikho cha chigawo chokha.

Sindikukana kuti maboma aang'ono anapezapo kanthu. Fermanagh, imene sinatengepo ukatswiri wa Ulster, inafika m'ndime ya matimu anayi mu 2004 itachotsa Armagh. Komabe tikaona amene ananyamula chikho atadzera kuseri, mayina ake ndi a matimu amphamvu kale: Tyrone mu 2005 ndi 2008, Kerry mu 2006 ndi 2009, Cork mu 2010. Chaka cha 2010 chomwecho akatswiri onse anayi a zigawo anagwa m'ndime ya matimu asanu ndi atatu. Timu yofooka ingathe kudzidzimutsa yamphamvu kamodzi, koma yamphamvuyo ikapatsidwa mpata wokonza zolakwa zake, imabwerera ili yoopsa kuposa poyamba.

Za njira yogawa matimu m'magulu imene inayamba mu 2023 sindikhalitsapo, chifukwa masewero 24 amene ankachotsa matimu anayi okha mwa 16 n'ngovuta kuwaikira kumbuyo.

Mliri wa Covid-19 unabwezeretsa chipulula mu 2020, ndipo zotsatira zake n'zimene zimandikokera ku njira yakale. Cork inachotsa Kerry ndi chigoli cha Mark Keane chakumapeto kwenikweni, ndipo pa 22 November Tipperary inatenga ukatswiri wa Munster koyamba kuchokera mu 1935, tsiku lomwelonso Cavan inatenga wa Ulster koyamba kuchokera mu 1997. Wokonda khomo lakuseri angandiyankhe kuti matimu awiriwa anagonja mosavuta m'ndime yotsatira, ndiponso kuti Dublin inatengabe chikho kachisanu ndi chimodzi motsatizana. Zimenezo n'zoona, koma Kerry chaka chimenecho inaonera ndime zonse zotsalazo ili kunyumba.